Dimba m'nyengo yachisanu ku Britain: mafunso a owerenga

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa abale athu okhala ku Britain amene ali ndi kadimba kuseri kwa nyumba, kapena akulipira kukhonsolo malo olimapo aja amati allotment. Pafupifupi onse akuloza chala chisanu. Koma tikawerenga bwino zimene akufotokoza, chisanu chili ndi mlandu pa zochepa chabe. Zomera zambiri zikufa ndi madzi, ndipo zina zangoima chifukwa cha mdima.

Wailesi inalengeza kuti usiku kuzizira kufika madigiri 3, osati 0. Koma m'mawa udzu unali mbuu, ndipo masamba a maluwa anga a dahlia ada n'kufota. Kodi a zanyengo analakwitsa? Aneba anga anandichenjeza madzulo ake atangoyang'ana kumwamba. Anadziwa bwanji? — Bambo wa ku Leeds

Bambo, a zanyengo sanalakwitse, ndipo aneba anuwo sanachite kulosera. Nambala imene a Met Office, bungwe loona zanyengo ku Britain, amalengeza ndi ya mpweya woyezedwa pa mamita 1.25 kuchokera pansi. Usiku umene kumwamba kulibe mitambo ndipo mphepo yadekha, nthaka imataya msanga kutentha kumene inasunga masana, moti pamwamba pa udzu pamazizira kuposa mpweya wa m'mwamba ndi madigiri atatu kapena anayi, nthawi zina kuposa pamenepa. Mitambo ikakhalapo imabweza kutenthako pansi. Mphepo ikamawomba imasakaniza mpweya wozizira wapansi ndi wofundirako wam'mwamba. Ndiye mukamva madigiri 4 kapena ocheperapo, n'kuona nyenyezi zili ngwee, masamba a mitengo osagwedera, dziwani kuti chisanu chigwa. Ndi zimenezi anaona aneba anu.

Macheza a nyengo amene mumawamva pampanda ndi podikirira basi musawapeputse. Britain ndi chilumba chimene mpweya wofunda ndi wonyowa wochokera ku nyanja ya Atlantic umakumanirapo ndi wozizira wochokera kumpoto kapena kum'mawa, choncho nyengo imasintha kawiri katatu tsiku limodzi. Kumapeto kwa Febuluwale 2018 maluwa oyamba anali atatuluka kale pamene mphepo ya kum'mawa, ija anaitcha Beast from the East, inadzaza dziko ndi chipale chofewa. Munthu amene walima mumsewu wanuwo zaka zambiri amadziwa zimene wailesi singakuuzeni: chisanu chomaliza chimagwa liti, ndipo ndi mbali iti imene imachedwa kusungunuka. Afunseni, sakana kuyankha.

Mpweya wozizira ndi wolemera ndipo umatsetsereka ngati madzi, n'kukadikha kumunsi kwa dimba, makamaka ngati kumeneko kuli khoma kapena mpanda wamatabwa wosasiya mpata. Zomera zosapirira musaziike kumeneko. Malo ofunda ndi patsinde pa khoma loyang'ana kummwera kapena kumadzulo, chifukwa njerwa zimasunga kutentha kwa masana. Khoma loyang'ana kum'mawa ndi losathandiza kwa maluwa ngati camellia: dzuwa lam'mawa limasungunula mwadzidzidzi masamba oundana ndipo amapsa.

Chofunditsira chabwino ndi nsalu yoyera yopepuka ija amati fleece. Ilipo yamitundu iwiri yodziwika, ya magalamu 17 ndi ya magalamu 30 pa sikweya mita. M'nyengo ino gulani ya 30, kapena pindani yopepukayo pawiri. Funditsani dzuwa lisanalowe, nthaka ikadali ndi kafunda, ndipo nsaluyo ifike pansi mbali zonse, mupsinje ndi njerwa. Kutentha kumene mukusunga kukuchokera m'nthaka, choncho kukulunga mutu wa chomera kokha n'kumanga pakhosi sikuthandiza kwenikweni. Pulasitiki yokhudza masamba ndi yoipa: imasunga chinyezi, ndipo pamene yakhudza pamaundana.

Dahlia wanu sanafe, afa ndi masamba okha. Dulani mapesi kusiya masentimita 10 mpaka 15, kumbani mizu yake yofufumayo ndi foloko, sasani dothi, muiike chozondoka kwa sabata imodzi kapena ziwiri kuti madzi a m'mapesi atuluke. Kenako isungeni m'bokosi la mchenga kapena kompositi youma, pamalo ozizira koma osafika chisanu, ndipo kamodzi pamwezi muzichotsa yoola. Kummwera kwa England, padothi lamchenga, ena amaisiya pansi n'kuphimbira. Ku Leeds ife tikuti kumbani.

Ndinagula lavender ndi rosemary zolembedwa kuti zimapirira mpaka madigiri 10 pansi pa 0. Kuno sikunazizire kufika pamenepo, koma zauma zonse. Nditaona zikufota ndinathirira, koma sizinathandize. Kodi anandinamiza? — Mayi wa ku Manchester

Pepani amayi, koma kuthirirako kuyenera kuti ndi kumene kunamaliza ntchito. Zomera ziwirizi kwawo ndi m'mapiri amiyala a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Kuzizira zimapirira ndithu, chimene sizipirira ndi kukhala m'matope. Zilembo zimene bungwe la Royal Horticultural Society limaika pa zomera, kuyambira H1 mpaka H7, zimanena za kuzizira kokha. H4 ndi chomera chopirira madigiri 5 mpaka 10 pansi pa 0, H5 mpaka 15. Koma muyezo umenewu umagwira ngati mizu ili padothi lotulutsa madzi.

Kumadzulo kwa Britain, kumene inu muli, mvula ndi yambiri kuposa kum'mawa chifukwa mitambo ya ku Atlantic imayamba kukhuthula kumeneko. London imalandira pafupifupi mamilimita 600 pachaka, pamene Glasgow ndi Cardiff zimaposa 1,100. Ngakhale kumene mvula ndi yochepa, vuto la nyengo ino ndi lakuti madzi sauma. Dzuwa ndi lofooka, zomera sizikumwa, ndiye madzi a Novembala amakumana ndi a Januwale m'dothi lomwelo. Mizu imapuma mpweya wa m'timipata ta dothi. Timipatato tikadzaza madzi kwa masabata, mizu imabanika n'kuola, ndipo chomera cha mizu yoola sichingakoke madzi, choncho chimafota ngati chili ndi ludzu. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Zulani chimodzi muone: mizu yakuda, yofewa, yonunkha, ndi umboni wa madzi. Mizu yoyera yolimba ikusonyeza kuti vuto linali lina.

Musanagule zina yesani dothi lanu. Kumbani dzenje lakuya masentimita 60, liphimbeni ndi thabwa kuti mvula isalowe, mukaone mawa lake. Mukapeza madzi atatuluka okha, madzi apansi ali pafupi, ndipo njira yanu ndi kukweza mabedi basi. Likakhala louma, lidzazeni madzi, liphimbeninso. Madziwo akakhalapobe patatha maola 24, dothi lanu ndi la makande kapena lapondedwa kwambiri.

Kwa lavender ndi rosemary, pangani kachulu kotalika masentimita 20 mpaka 30, musakanize dothi ndi timiyala tating'ono tija amati grit, ndipo mubzale pamwamba pake m'mwezi wa Epulo kapena Meyi, osati nyengo yozizira ikuyandikira. Pakhosi pa chomera yalanipo timiyala, osati kompositi yosunga chinyezi. Kukumba dzenje m'makande n'kulidzaza timiyala sikuthandiza, chifukwa madzi a mbali zonse amasonkhana momwemo.

Kwa dimba lonse, mankhwala a makande ndi manyowa owolerana bwino kapena kompositi, masentimita 5 pamwamba chaka ndi chaka. Nyongolotsi zimalowetsa zokha. Kuthira mchenga wochepa m'makande ndi kutaya ndalama, nthawi zina dothi limalimbiratu. Ndipo chinthu chimodzi chimene timachibwereza kwa aliyense: dothi likamamatirira ku nsapato, musaliponde, musalilime. Ngati n'kofunika kudutsa, yalani thabwa kuti kulemera kwanu kugawikane. Tsiku limodzi lopondaponda makande onyowa limawononga zimene manyowa anakonza zaka ziwiri.

Zitsamba zina zooneka zakufa musafulumire kuzizula. Kandani khungwa ndi chikhadabo. Pakaoneka zobiriwira, chili moyo. Dikirani mpaka Meyi.

Ndilibe dimba, ndili ndi miphika ya maluwa pakhonde la nyumba yosanja. Iwiri yadothi yang'ambika. Nditani ndi yotsalayi? — Wowerenga wa ku London

Madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi magawo 9 pa 100. Mphika wadothi wosapakidwa kanthu umamwa madzi m'thupi mwake, ndiye chisanu chikabwera umasweka kapena kusendeka. Choyamba chotsani timbale tonse ta pansi pa miphika, muikweze pa njerwa kapena timiyendo togulitsidwa m'masitolo a zamaluwa, kuti bowo lapansi lizitulutsa madzi momasuka. Iunjikeni pamodzi pafupi ndi khoma la nyumba, ikuluikulu kunja, ing'onoing'ono mkati.

Chomera cha mumphika chili pangozi kuposa chinzake cha pansi, chifukwa kuzizira kumalowa mbali zonse, ndipo mizu siipirira ngati nthambi. Choncho kulungani mphikawo, osati chomeracho: pulasitiki yamatuza ija yolongedzera katundu, kawiri kuzungulira, kapena chiguduli. Pamwamba pa dothi pakhale posatseka.

Pali vuto lina limene limagwera makamaka a m'nyumba zosanja. Khonde lofoleredwa sililandira mvula, koma mphepo imawomba kwambiri. Zomera zosayoyola masamba zimapitiriza kutaya madzi, ndipo dothi likaundana masiku angapo sizingamwe, ndiye zimafa ndi ludzu pakati pa nyengo yamvula. Sabata iliyonse pisani chala masentimita 3 mpaka 5. Mukapeza pouma, thirani pang'ono m'mawa wa tsiku losazizira kwambiri, osati madzulo. Feteleza ayi, mpaka Epulo.

Pa allotment yanga ndinafesa mpiru ndi repu mu Okutobala. Zinamera bwino koma kuyambira Novembala zangoima, masamba ngati makutu a mbewa. Ndithire feteleza wanji? Komanso china chake chikudya masamba mpaka kusiya mitsitsi yokha. — Mayi wa ku Coventry

Amayi, feteleza musathire. Ndiwo zanuzo sizili ndi njala, zikusowa kuwala. Masana akachepera maola 10, masamba ambiri amaleka kukula, ndipo kummwera kwa England zimenezi zimayamba kumapeto kwa Okutobala mpaka pakati pa Febuluwale. Pa 21 Disembala London imakhala ndi kuwala kosakwana maola 8, Edinburgh pafupifupi 7, ndipo dzuwalo limayenda munsimunsi moti mthunzi wa mpanda umaphimba bedi lonse. Dothi nalo likazizira pansi pa madigiri 5 kapena 6, mizu imagona. Feteleza wothiridwa pano amakokoloka ndi mvula. Wochepa amene chomera chingatenge amabala masamba ofewa amene chisanu chimapha mosavuta.

Ndiwo za nyengo yozizira ku Britain zimalimidwa m'miyezi yofunda. Ziyenera kufika Novembala zitakula kale, kenako zimangoima m'munda kudikira kuti muzithyola. Curly kale ndi Cavolo Nero, abale ake a chomolia, amafesedwa mu Meyi kapena Juni n'kuwokeredwa mu Julayi motalikirana masentimita 45. Brussels sprouts amafesedwa mu Malichi kapena Epulo ndipo amafuna masentimita 60. Leek, m'bale wake wa anyezi, amawokeredwa mu Juni m'maenje akuya masentimita 15, osakwirira, kungothira madzi m'dzenjemo. Mpiru, mizuna ndi sipinachi za nyengo ino zimafesedwa mu Ogasiti kapena sabata zoyamba za Seputembala. Inu munachedwa ndi masabata angapo, ndipo panyengo imeneyo sabata iliyonse ndi yamtengo wapatali.

Komabe musazule. Pindani mawaya kapena mapaipi apulasitiki pamwamba pa bedi, muyalepo fleece, ndipo mbandezo zidzadzuka masana akayamba kutalika mu Febuluwale. Mudzathyola mu Malichi, zisanayambe maluwa. Zikayamba kutulutsa timitu tamaluwa, timeneto ndi ndiwo zokoma, dulani tisanamasule. Pothyola, tengani masamba akunja n'kusiya anayi kapena asanu apakati, ndipo musathyole masamba ali oundana chifukwa amasanduka phala, dikirani asungunuke. Mudzaona kuti curly kale ndi abale ake, komanso parsnip, muzu woyera wofanana ndi karoti, zimatsekemera chisanu chikadutsapo, popeza chomera chimachulukitsa shuga kuti madzi a m'thupi mwake asaundane msanga.

Wakudya masamba mpaka kusiya mitsitsi ndi njiwa zikuluzikulu zija amati wood pigeon. Zimang'amba tsamba kuchokera m'mphepete, ndipo zimabwera mbandakucha. Zoopsezera mbalame zimagwira masiku ochepa. Chogwira ntchito ndi ukonde, koma ukhale pamitengo, wokokedwa bwino, masentimita 15 kapena kuposa pamwamba pa masamba, apo ayi njiwa imakhala pa ukondewo n'kumadya podutsitsa mlomo. M'munsi mutseke bwino kuti mbalame zing'onozing'ono ndi akanungu asakodwe. Mabowo apakati pa tsamba okhala ndi kanjira konyezimira ndi a nkhono, makamaka zopanda chigoba zija, zimene zimadya usiku uliwonse wofunda kuposa madigiri 5. Mankhwala a metaldehyde analetsedwa ku England, Scotland ndi Wales kuyambira pa 1 Epulo 2022, choncho ngati mwapeza botolo lakale m'kanyumba ka zipangizo musaligwiritse ntchito. Ololedwa ndi a ferric phosphate, omwazidwa motalikirana, osati mulu. Chotsaninso masamba achikasu ogwera pansi, ndiwo mobisalamo nkhono.

Mphepo yamkuntho ikadutsa, kaoneni zomera zazitali. Zikagwedezeka, patsinde pamatseguka kadzenje, mizu ing'onoing'ono imaduka, madzi amalowa n'kuundana. Pondani dothi mozungulira ndi chidendene, unjikirani lina, ndipo zazitali muzimangirire kumtengo.

Ndikufuna chaka chino ndilime chimanga ndi maungu a nkhwani. Ndiyambe kufesa m'nyumba mu Januwale kuti zikule msanga? M'bale wanga akufuna kunditumizira mbewu. — Bambo wa ku Glasgow

Ayi bambo, Januwale ndi molawirira kwambiri. Mbande yofesedwa pawindo m'mwezi umenewo imatalika mowonda, yotuwa, kufunafuna kuwala, ndipo imagwa isanafike tsiku lowokera. Werengani chobwerera kuchokera pa chisanu chomaliza. Kummwera kwa England ngozi imatha pakati pa Meyi, kumpoto kwa England kumapeto kwa Meyi, ndipo ku Scotland ndi bwino kudikira Juni. Chimanga ndi maungu zimafuna masabata anayi kapena asanu m'nyumba, choncho inu mufese kumapeto kwa Epulo kapena kuyamba kwa Meyi.

Njere imodzi pakamphika, yakuya masentimita 2.5, pamalo ofunda madigiri 18 mpaka 21. Njere ya dzungu muiike chammbali kuti madzi asadikhe pamwamba pake. Musanawokere, zolowetsani mbande kunja kwa masiku 10 mpaka 14: masana panja, usiku m'nyumba, kenako usiku panja zofunditsidwa. Chimanga chibzaleni mwa bwalo, mizere ingapo yoyandikana, masentimita 45 mbali zonse, chifukwa mungu umayenda ndi mphepo ndipo mzere umodzi wautali umabala zisononkho zamagweru. Maungu apatseni mita imodzi kapena kuposa, pa manyowa ambiri. Nkhwani mudzapeza ngakhale chaka chozizira chimene maungu ake sangakhwime.

Za mbewu yotumizidwa, pali zinthu ziwiri. Mbewu ndi zomera zambiri zolowa ku Britain zimafuna chikalata chotsimikiza kuti zilibe matenda, chija amati phytosanitary certificate, ndipo zopanda chikalatachi zimatha kulandidwa. Chachiwiri, chimanga cha kumadera otentha chinazolowera masana a maola 12 kapena 13. Ku Glasgow mu Juni masana amaposa maola 17, ndiye chimangotalika, ngaiyaye n'kuchedwa, chisanu cha Okutobala n'kuchipeza chisanakhwime. Gulani mitundu yocha msanga yogulitsidwa komweko, monga Swift, ndipo muipatse malo otetezeka ku mphepo.

Kodi ndachedwa kubzala adyo? Tili mu Januwale. — Wowerenga wa ku Bristol

Simunachedwe, koma musazengereze. Adyo amafuna mwezi umodzi kapena iwiri ya kuzizira kwa pakati pa madigiri 0 ndi 10 kuti mutu ugawike. Akapanda kuzizidwa amabala mutu umodzi wobulungira. Nthawi yake yeniyeni ndi Okutobala mpaka Disembala, koma mitundu ngati Solent Wight imalola mpaka Febuluwale. Bzalani kambewu kalikonse nsonga kumwamba, nsongayo ikhale masentimita 2.5 pansi pa dothi, motalikirana masentimita 15, mizere masentimita 30. Ngati dothi ndi lonyowa kwambiri, yambitsani m'timiphika panja pamalo osafika mvula yambiri, mudzawokere mu Malichi. Gulani adyo wambewu, osati wa m'sitolo ya zakudya, amene angabweretse matenda m'dothi.

Nyumba imene tagula ili ndi mtengo wa maapozi ndi wa plum, yonse yowirira. Namondwe wathyola nthambi imodzi ya plum. Anzanga akuti nyengo yozizira ndi yodulira mitengo yonse. Zoona? — Bambo wa ku Nottingham

Anzanuwo anena zoona pa mtengo umodzi wokha. Maapozi ndi mapeyala a ku Ulaya amadulidwa atayoyola masamba, kuyambira Novembala mpaka kuyamba kwa Malichi. Plum, cherry ndi abale awo a nthangala yolimba sadulidwa nyengo ino, chifukwa tizilombo ta matenda a silver leaf timauluka m'miyezi yonyowa n'kulowera pabala. Masamba amayamba kuoneka otuwa monyezimira, nthambi zimafa imodzi ndi imodzi, ndipo mankhwala ake palibe. Plum mudulire pakati pa nyengo yofunda, Juni kapena Julayi. Nthambi yothyokayo yokha ndiyo musaisiye: bala long'ambika ndi loipa kuposa lodulidwa bwino, choncho sankhani tsiku louma, muidule mosalala kumbuyo kwa pothyokapo.

Pa mtengo wa maapozi yambani ndi nthambi zakufa, zodwala, ndi zokhulana. Kenako tsegulani pakati kuti kuwala ndi mphepo zizidutsa. Musachotse zoposa gawo limodzi mwa magawo asanu a nthambi chaka chimodzi. Mukadula kwambiri, mtengo umabwezera ndi mphukira zambirimbiri zoongoka zosabala, ndipo mwadzipatsa ntchito ya zaka. Mtengo wonyalanyazidwa umakonzedwa m'nyengo zozizira zitatu kapena zinayi. Nthambi yaikulu iduleni katatu: chekani pang'ono kunsi kwake masentimita 30 kuchokera pathunthu, kenako pamwamba patsogolo pang'ono kuti igwe osasenda khungwa, pomaliza chotsani chitsa pafupi ndi kamkombero kotupa ka patsinde pa nthambi, osakadula kamkomberoko chifukwa ndi kamene kamatseka bala. Penti pabala siyofunika.

Popeza nyumbayo ndi yatsopano kwa inu, funsani kukhonsolo musanagwire mitengo ikuluikulu. Mtengo wina umakhala wotetezedwa ndi lamulo la khonsolo lotchedwa Tree Preservation Order, ndipo m'dera lotetezedwa lotchedwa conservation area mumayenera kudziwitsa khonsolo masabata 6 ntchito isanayambe. Mipanda yamitengo imalizeni kudulira Malichi asanafike, chifukwa lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limaletsa kuwononga dala chisa chimene mbalame ikugwiritsa ntchito. Ino ndi nthawinso yotchipa yobzala mitengo yatsopano: yogulitsidwa mizu ili pamtunda, yopanda mphika, imapezeka Novembala mpaka Malichi. Viikani mizu m'madzi theka la ola, bzalani kufika pamene dothi lakale linalekezera, tsiku limene nthaka sinaundane kapena kudzaza madzi.

M'kanyumba kanga kagalasi ndimatseka zonse ndipo ndimayatsa chitofu cha palafini. Koma zomera zagwidwa chuku chotuwa. — Mayi wa ku Cardiff

Kutsekako pamodzi ndi palafiniyo ndiye gwero la chukucho, amayi. Lita imodzi ya palafini ikayaka imatulutsa pafupifupi lita imodzi ya madzi mumpweya. Madziwo amakhala pagalasi ndi pamasamba, ndipo chuku chotuwa, chimene akatswiri amati botrytis, chimakonda mpweya wonyowa wosayenda. Tsiku lililonse limene kunja kwaposa madigiri 5, tsegulani windo kapena chitseko ola limodzi kapena awiri chakumasana, mutseke isanakwane 3 koloko kuti kafunda kotsala kasathawe. Dulani mbali zonse zogwidwa, muziike m'thumba pomwepo osazigwedeza, chifukwa fumbi lotuwalo ndiyo mbewu yake. Talikitsani miphika kuti masamba asakhudzane, thirani m'mawa, padothi pokha, pamene lauma.

Ngati magetsi alipo, chotenthetsera chamagetsi chokhala ndi fani ndi thermostat, kachipangizo kochiyatsa ndi kuchizimitsa malinga ndi kutentha, ndi chabwino: sichitulutsa chinyezi ndipo chimayendetsa mpweya. Chiikeni pa madigiri 3 mpaka 5 ngati cholinga ndi kupewa chisanu chokha, kapena 7 ngati muli ndi pelargonium ndi mitengo ya mandimu. Digiri iliyonse yoonjezera imaoneka pa bilu. Waya wopita panja adutse pa RCD, kachipangizo kodula magetsi msanga pakachitika vuto. Pulasitiki yamatuza akuluakulu yomatidwa mkati mwa galasi imasunga kutentha, koma imachepetsanso kuwala, choncho tsukani galasi musanaimate ndipo musatseke nayo mawindo.

Chipale chofewa chikagwa ndichichotse pa zomera? Nanga mchere umene timathira panjira sungawononge? — Wowerenga wa ku Aberdeen

Cha pamabedi chisiyeni, chimateteza zomera zazifupi ku mphepo yozizira kwambiri. Choopsa ndi kulemera kwake. Sasani ndi tsache, mokankhira m'mwamba, chimene chaunjikana pamipanda yamitengo, pamitengo yosayoyola masamba, pa ukonde wa ndiwo ndi padenga la kanyumba kagalasi, chisanaundane n'kulimba. Pakapinga woundana musayendepo. Masamba ake amathyoka ndipo mapazi anu amaoneka akuda kwa masabata.

Mchere umawononga ndithu. Umasungunuka n'kutsikira kumizu, ndipo zotsatira zake zimaoneka mochedwa, mu Epulo kapena Meyi, masamba akuuma m'mphepete. Panjira yoyandikana ndi zomera thirani mchenga kapena grit wopanda mchere, ndipo chipale chimene mwakokola pamsewu wothiridwa mchere musachiunjike pabedi.

Kumpoto kwa Scotland kuzizira si kwamasewera: ku Braemar, m'dera la Aberdeenshire loyandikana ndi mzinda wanu, kunafika madigiri 27.2 pansi pa 0 mu 1895 komanso mu 1982. Choncho samalaninso mpopi wapanja. Tsekani valavu yake ya m'nyumba, imene kawirikawiri imakhala pansi pa sinki ya kukhitchini, tsegulani mpopi wapanjawo kuti madzi otsala atuluke, muusiye wotsegula ndi wokulungidwa. Paipi yothirira ichotseni pampopi, ikhuthuleni, muisunge mkati. Ngati muli ndi kadziwe ka nsomba ndipo kaundana, musamenye ndi nyundo chifukwa kugundako kumavulaza nsomba. Khazikani poto wa madzi otentha pamwamba, mutamumanga chingwe, mpaka asungunule bowo.